Njovu Inali Kumanzere

Chibwerereni ku Lusaka a Yotam Ngoma, m'nyumba mwawo simunkafunikanso wotchi. Madokotala anawang'amba pachifuwa, n'kuchotsa kachitseko ka mtima komwe kanali katatopa, n'kuikapo kachitsulo. Kachitsuloko sikankadziwa manyazi. Masana dzuwa la m'chigwa likapsa, nkhuku zitayasama pansi pa nkhokwe, ukakhala nawo pafupi unkakamva: tiki, tiki, tiki, ngati nkhalamba yameza wotchi ya mzungu.

Amene ankakamva kuposa onse ndi Peggy, mwana wawo wamkazi. Iyeyu anasiya ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Nkwali kuti adzawasamale, popeza amayi ake anatsogola kalekale, ndipo mlongo wake Sunday ndi gaidi woperekeza alendo m'tchire: munthu wodziwa dzina la mbalame iliyonse m'Chingerezi, koma osadziwa pomwe pamakhala mchere m'nyumba ya atate ake.

Tsiku lowatulutsa m'chipatala ku Lusaka, dokotala anamukokera Peggy pambali. Anati mtima aukonza, koma tsopano maso akhale pa mutu. Magazi sagwirizana ndi chitsulo. Akachikhudza amafuna kuundana, ndipo kambulu kakang'ono ngati njere ya mapira kakanyamuka mumtima, ulendo wake ndi wa ku ubongo. N'chifukwa chake panali timapiritsi tosungunula magazi, tomwa moyo wonse. Koma timapiritsito nato tili ndi mano: tikachuluka m'thupi, magazi amatha kutayikira m'mutu momwemo. Ndipo chomwe chachitika pa ziwirizi maso a munthu sangachione, amaona ndi makina ojambula m'mutu okha.

"Mukaona pakamwa papotoka, mkono wagwa, kapena lilime likulemera, musayambe n'kuitana abusa," anatero dokotalayo. "Thamangani komwe kuli sikani. Abusa akakupezani komweko."

Peggy anasunga zitatuzo ngati malamulo a Mose. M'mawa uliwonse ankawafunsa atate ake funso lopanda mutu kuti amve lilime, ankawapatsira kapu chapatali kuti atambasule mkono, ankawaseketsa kuti aone ngati milomo ikukwera mofanana.

"Iwe, upolisi unauphunzira kuti?" ankatero a Yotam. "Ku loji kuja mumasita anthu kapena malaya?"

Bala linapola, koma munthuyo ankafota. A Yotam anali sikauti wa gemu kuyambira ali ndi tsitsi lonse. Anayenda m'tchire la Luangwa mfuti ili paphewa, kuperekeza azungu oyenda pansi ndi kuthamangitsa opha nyama mozemba, ndipo anzawo amati ankaona khutu la mkango m'udzu pomwe ena akuona udzu wokhawokha. Khutu lawo lakumanzere analipereka kwa mfutiyo, linagontha kalekale. Tsopano munthu yemweyo analetsedwa kunyamula chidebe, kupalasa njinga, ngakhale kuwaza kankhuni. Azimayi a ku tchalitchi ankabwera kudzawapempherera ndi mawu a pamaliro, n'kumawayang'ana ngati akuyeza kutalika kwa bokosi.

Cha kuntchito chomwe sanasiye ndi kathumba ka phulusa, kansalu koda ndi thukuta, komangirira pa lamba. Sikauti akaona njovu, asanaganize n'komwe, dzanja limapita lokha pa kathumbako. Amakagwedeza n'kuona komwe phulusa likulowera, chifukwa mphepo ikamapita kwa njovu ndiye kuti wanunkha kale. A Yotam ankachita zimenezi ngakhale njovu ili tsidya lina la mtsinje. Peggy amalumbira kuti ali mwana anawaonapo akugwedeza phulusa pa njovu ya pa kalendala.

Yekhayo amene sankawalankhula ngati wodwala ndi a Abson Chileshe, mnzawo wa kuntchito, Mbemba amene anabwera kuno ali mnyamata n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kuno ngati a Yotam ndi pachimbuya: amatukwanana kuyambira paubatizo mpaka kumanda, wina osakwiya. Mbuya akhoza kukulanda nkhuku mkazi wako akuona, akhoza kukuthira ufa kumutu pamaliro a m'bale wako, ndipo zomwe mwana wako sangayerekeze kukuuza m'chipinda, iye amakuuza pamsika.

"Iwe wodya mbewa, nthawi ili bwanji?" ankatero polowa pabwalo, n'kutsamiritsa khutu pachifuwa cha a Yotam. "Awe, yatsalira. Anakuikira ya pa salaula, ya kaunjika, yomwe mzungu anataya."

"Choka apa, wodya anyani. Kwanu munayamba mwaionapo wotchi?"

Mango atayamba kupsa, njovu zinayamba kuwoloka mtsinje kudzaona ngati anthu azisungira bwino. Zambiri zinkabwera kuli mdima, anthu n'kumaziimbira zitini ndi kuzifukiza ndowe zosakaniza ndi tsabola. Koma panali yaimuna ina yokalamba, ya mnyanga umodzi wothyoka, yomwe sinkasamala za dzuwa. M'mawa wina inangopezeka itaima pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira ya ku mjigo, ikutola mango akugwa limodzilimodzi ngati mayi wosankha tomato pamsika.

Mudzi wonse unabisala kuseri kwa nyumba. Peggy anali ku mjigo ndi azimayi ena, onse atauma ngati zitsa, zidebe zili m'manja. Ndiye anangoona atate ake akutulukira m'njira yomweyo, akuchokera kokayenda kwa m'mawa komwe dokotala analamula, ndodo kudzanja, chipewa cha gemu kumutu. Kufuula sakanatha, poti njovu ikadzidzimuka m'pomwe imapha. Anthu ankangokupiza manja ngati nkhuku zonyowa. A Yotam anayenda, anayenda, mpaka kufika pa mtengowo, njovu ili kumanzere kwawo, pafupi moti ikanatambasula chitamba ikanawavula chipewa. Pomwepo nkhalamba inaima. Inatulutsa kansalu m'thumba, inamina mosafulumira, mphuno iyi, mphuno iyo, inapinda kansaluko bwinobwino, n'kupitiriza ulendo. Njovu inatambasula makutu, inapukusa mutu, kenako ngati yachita manyazi ndi kunyozedwa koteroko, inatembenuka n'kulowera ku mtsinje.

Mudzi unaphulika. Azimayi nthungululu, amuna liwiro kukawazungulira.

"Gemu ndi gemu!"

"Aiminira pamaso, anthu inu! Aiminira pamaso!"

Kwa kanthawi nkhope ya a Yotam inali ya munthu amene wadzutsidwa kutulo. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Kenako anamva mawu oti njovu, njovu, anaona zala zikuloza ku mtengo, ndipo pang'onopang'ono msana wawo unawongoka.

"Aa, imene ija?" anatero. "Timadziwana."

Mphunzitsi wina anali atajambula zonse pa foni ali pawindo la nyumba yake. Dzuwa lisanafike pamutu, kanemayo anali atazungulira msika wa Mfuwe, bwalo la ndege ndi maloji onse a m'mbali mwa mtsinje. Sunday anaimba foni akulephera kulankhula ndi phwete, ati azungu ake akufuna kudzajambulitsa ndi nkhalambayo. Masana a Yotam anadya ngati mnyamata wobwera kudimba, kenako anatulutsa malaya a yunifomu m'sutukesi n'kulamula kuti asitidwe.

Peggy anawasita akuseka. Koma kanemayo atafika pa foni yake chakumadzulo, anaonera, anabwereza, anabwerezanso. Sankayang'ana njovu. Ankayang'ana dzanja la atate ake. Dzanjalo linatsika kukatenga kansalu ka mamina, linadutsa pa kathumba ka phulusa, osakakhudza n'komwe.

M'mawa mwake anachita upolisi wake wa masiku onse. Pakamwa panali bwino, mkono unali bwino, lilime lakuthwa ngati kale. Anawaikira tiyi kutsogolo, mbale ya zitumbuwa n'kuiika chakumanzere.

"Lero tiyi alibe womuperekeza?" anafunsa a Yotam. "Kutchuka konseku, munthu n'kumamwa madzi okhaokha?"

Mbaleyo inali pafupi ndi chigongono chawo. Potuluka anagunda phewa pa mphuthu ya chitseko, n'kutukwana mmisiri amene anamanga nyumbayo, amene anali iwo omwe. Atafika padzuwa Peggy anaona ndevu: tsaya lakumanja losalala ngati la mkwati, lakumanzere chiputu chokhachokha.

Anapita kuseri kwa bafa n'kuimba nambala yomwe anamupatsa ku Lusaka. Anayamba ndi kupepesa, poti pa zitatu zija panalibe ngakhale chimodzi. Mayi amene anayankha sanamulole kumaliza.

"Munthu saona ndi maso okha, mayi. Maso amangotola, ubongo ndiye umalandira. Mbali ina ya ubongo ikavulala, theka la dziko limazima, mwini wake osadziwa. Apititseni ku Chipata lero lomwe akajambulidwe. Mapiritsi musawonjezere. Tisanaone chithunzi, sitikudziwa ngati ndi abwenzi kapena adani. Ikhoza kukhala sitiroko yaing'ono, ndipo yaing'ono nthawi zambiri imakhala kalambulabwalo wa yaikulu."

Peggy anawapeza atate ake pakhonde atavala yunifomu, akupukuta nsapato imodzi, yakumanja. Anagwada chapatali pang'ono, mbali yomwe akanamuona.

"Atate, ndimati tipite ku Chipata akakuoneni m'mutu."

"M'mutu mwatani?"

"Dokotala wanena. N'kungojambula basi, sabaya, sang'amba."

"Dokotala wandiona liti? Amaona pa foni tsopano? Pakamwa ndi apa. Mkono ndi uwu, ufuna ndikutsine nawo? Unamuonapo wa sitiroko akudya zitumbuwa?"

"Dzulo paja, atate, njovu ija..."

A Yotam anaika nsapato pansi mwakachetechete.

"Yatani njovu? Mudzi wonse unaona. Iwe wekha ndiye Mulungu anakupatsa maso? Ukufuna unene kuti atate ako ndi abodza. Nena. Ndikumva, khutu ili ndi lamoyo."

Mawu amenewo mwana sanena. Peggy anadzuka, mawondo ali fumbi, n'kukaimbira Sunday.

"Sisi, iwenso," anatero Sunday, kumbuyo kwake kukumveka mafoloko ndi kuseka kwa alendo. "Chibwerereni ku Lusaka akhala ngati anafa kale. Dzulo aseka koyamba, lero ufuna ukawalowetse m'makina? Zitumbuwa sanazione chifukwa maganizo ali pa ulemerero. Ndili ndi alendo, tinyamuka fifitini awazi, 3 koloko masana. Tidzakamba pa Sande."

Peggy anayang'ana foni ngati angaiponye m'chimbudzi. Kenako anamanga chitenje n'kuuyamba wa kwa a Abson.

Anawapeza pansi pa mtengo akumata chubu cha njinga, chomwe chinali ndi zigamba zambiri kuposa mphira.

"Mkazi wanga wabwera! Atate ako avomera malowolo a mbewa ziwiri aja? Ndinawonjezerapo ndi mchira."

"Mwaswera bwanji, ba Abson."

"Ii, moni wa ku polisi. Wafa ndani?"

Anawapatsa foni. "Musayang'ane njovu. Yang'anani dzanja."

A Abson anaonera akumwetulira, poti anali ataonera kale kambirimbiri. Ulendo wachiwiri kumwetulira kunatsala mbali imodzi. Wachitatu anapukuta zala pa thalauzi n'kuyandikitsa foni kumaso.

"Mwina anaiwala."

"Inu munaiwalapo?"

"Awe." Anaika foni pabondo. "Ine nkhaniyi ndaigawa kale ku msika konse. Ndinathiramo ndi mchere wanga, ndinati anaifunsa kuti ana ali bwanji kunyumba."

Peggy anawauza za zitumbuwa, za chitseko, za ndevu, za mawu a mayi wa ku Lusaka. Anawauza kuti kaya ndi kambulu ka magazi kaya ndi magazi otayika, china chachikulu chikhoza kukhala m'njira, ndipo nkhalamba yakana kukwera galimoto.

"Ukudziwa chimene ukundipempha, mwana iwe? Munthu uja anamuvula mfuti, anamuvula njinga, anamuvula ndi nkhwangwa yomwe. Dzulo njovu yamubwezera thalauzi. Ndiye ine ndikamuvulenso?"

"Ine sindingawauze. Ndine mwana. Inu ndinu mbuya."

"Mbuya amanyoza zabodza! Amati ndiwe mbuli, unaba mbuzi, amako anakutola pa sitesheni. Zoona timasiyira abusa."

"Chabwino," anatero Peggy akutenga foni yake. "Ndikakusungirani ufa. Mudzawathire bwino pamaliro."

Sanafike patali. Anamva kumbuyo chubu chikuponyedwa m'beseni la madzi, ndi mawu a Chibemba omwe sakanawamasulira pamaso pa akulu.

Atafika kunyumba anapeza khonde ladzaza. Amuna a m'mudzi, ena ochokera mpaka ku Nsefu pa njinga, anali atakhala pa zitsa ndi pa njerwa kumva nkhaniyo kuchokera kwa mwini wake. A Yotam anali pampando wawo wa nsungwi, chipewa chili pa mphasa chakumanzere pamodzi ndi kapu ya thobwa ndi kawailesi. Nkhani inali itakula usiku umodzi ngati dzungu la pachulu.

"Ndiye ndinaiyang'ana m'diso. Minyanga yake iwiri, italiitali ngati mitanda ya denga..."

Anthu anayang'anana n'kumwetulira. Onse ankadziwa kuti unali umodzi ndi chitsa, koma nkhani yopanda mchere ndani amadya?

A Abson analowa opanda chitukwano, chinthu chomwe sichinachitikepo, n'kukhala pa njerwa kumanzere kwa mnzawo, pafupi moti mawondo anatsala pang'ono kugundana. Anatola kapu ya thobwa n'kumwa yonse, kukhosi kukuyenda. Anthu anaseka: mbuya wayamba kuba. Anatola kawailesi n'kukalowetsa m'malaya. Kuseka kunakula, ndipo a Yotam, poganiza kuti akuseka nkhani yawo, anawonjezera moto.

"Ndinati, iwe, mango awa anadzala ndi agogo ako?"

A Abson anavala chipewa cha gemu chija, chinawalowa mpaka m'makutu. Wina anagwa pa chitsa ndi kuseka. Onse ankaona ngati nkhalamba ziwirizi zapangana sewero. Peggy anaima pakona ya nyumba atagwira khoma.

Kenako a Abson anaimirira. Anavula chipewa n'kuchikupiza pambali pa nkhope ya mnzawo, kamodzi, kawiri. Anakunga chibakera, n'kuchiponya mwamphamvu, n'kuchiimitsa patsala chala chimodzi kuti chigunde diso lakumanzere. Diso silinaphethire. Munthu amene ankaona khutu la mkango m'udzu anapitiriza kufotokoza mmene njovu inapepesera.

Kuseka kunazima ngati nyali zotha mafuta, uyu, kenako uyo, mpaka anatsala a Yotam okha akuseka, nawonso n'kuleka.

"Mwatani? Mwaona mzukwa?"

"Yotam."

Anadzidzimuka, n'kutembenuza mutu wonse mpaka khosi kulira. "Wodya anyani! Walowa liti ngati mfiti?"

"Ndabwera kale, mune. Thobwa lako ndamwa. Wailesi yako iyi." Anaitulutsa m'malaya n'kuiika pamwendo pawo. Mawu awo analibe nthabwala ngakhale ya mankhwala. "Tandiuza, sikauti. Dzulo mphepo inkachokera kuti?"

Dzanja la a Yotam linatsika lokha n'kukagwira kathumba ka phulusa, ngati likufunsa. Pakhonde panali zii, moti ngakhale wokhala kumapeto anamva: tikitikitikitiki. Kachitsulo kosadziwa manyazi kaja kanali kakuulula zonse.

"Pitani kwanu," anatero a Yotam.

Amuna anadzuka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana mapazi ake, njinga zikukankhidwa osakwera. A Abson okha anakhalanso pa njerwa paja.

"Peggy."

Anabwera n'kugwada kutsogolo kwawo.

"Wamutuma ndiwe."

"Inde, atate."

"Wachita bwino. Wandivula pamaso pa anthu a ku Nsefu." Anayang'ana pamwamba pa mutu wake, ku mtengo wa mango uko. "Itana mlongo wako."

Ulendo uno Peggy sanapemphe. Anangonena zomwe zachitika pakhonde, za chibakera ndi diso, ndipo mafoloko kumbuyo kwa Sunday analeka kumveka. Sunday anasiyira mnzake alendo, anabwereka galimoto ya bwana wake, n'kufika fumbi lili m'mwamba. A Abson anakwera osaitanidwa, ati sangalole wodya mbewa akafere ku Chipata popanda mboni. Msewu wonse wokwera mapiri kutuluka m'chigwa, a Yotam sanayankhe chitukwano ngakhale chimodzi. Kwa Peggy sanalankhule n'komwe. Iye anangokhala kumbuyo kuyang'ana mkono wawo ndi ngodya ya pakamwa pawo.

Ku chipatala chachikulu anawalandira dokotala wamkazi, wamng'ono thupi moti a Abson anafunsa ngati amayi ake akudziwa kuti ali kuno. Iye sanaseke. Anagwedeza zala mbali iyi ya nkhope ya a Yotam, anawerenga bwino. Mbali inayo, anati dokotala waleka kusewera. Anawatenga magazi, kenako anawagoneka pa kabedi kopapatiza kolowa m'chimakina choyera, chozungulira ngati tayala la thirakitala.

"Kachitsulo kanga sikaphulika mmenemu?" Ndiwo mawu oyamba omwe analankhula chichokereni kumudzi, ndipo anali aang'ono, a munthu wina.

"Sikaphulika, atate. Mungogona phee."

Anawavula lamba. Kathumba ka phulusa namwino anakapatsira Peggy, atakagwira ndi nsonga za zala ngati chithumwa. Peggy anakhala nako panja pa benchi, pakati pa Sunday amene ankangotembenuza makiyi ndi a Abson amene ankangoyang'ana chitseko.

Chithunzi chitatuluka, dokotala anawaitana onse. Pa kompyuta panali chinthu chotuwa, ngati dzungu lodulidwa pakati, ndipo iye ankalidula, kulidulanso, kutsika nalo. Anaima. Kumbuyo, mbali imodzi, panali chigamba chodera ngati dambo lomwe lapsa.

"Apa ndi pomwe pamalandira zonse za kumanzere kwanu. Magazi sanatayike, limenelo ndi dalitso, chifukwa zikanakhala choncho mapiritsi anu akanakhala poizoni. Ndi kambulu kanatseka mtsempha. Magazi anu tawayeza, ndi okhuthala kuposa mmene kachitsulo kamafunira. Munayezetsa liti komaliza?"

Peggy anayang'ana pansi. Ulendo womaliza wokayezetsa a Yotam anaukana, ati minibasi imawagwedeza zosoka.

A Yotam anatembenuza mutu mpaka chithunzi chonse chinalowa mbali yamoyo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mmene ankayang'anira mchenga wa pa doko m'mawa. Kenako analoza ndi chala timadontho tiwiri, kutali ndi chigamba chija.

"Nanga awa? Awa si mapazi a dzulo."

"Ndi akale. Tinadutsa timbulu tina ting'onoting'ono, osakupwetekani poonekera."

"Ndiye kuti ndi njira yake," anatero a Yotam. "Nyama ikadutsa kawiri, imabweranso."

"N'chifukwa chake simupita kunyumba lero. Tikugonekani mpaka magazi akhale mmene tikufunira. Masiku oyambawa ndiwo oopsa." Dokotala anazengereza pang'ono. "Za kumanzereko, ena zimabwerako pang'ono, ena ayi. Sindikulonjezani."

"Mulungu ndi wabwino," anatero a Yotam. "Abson, uzikhala mbali imeneyo mpaka kalekale. Nkhope ya Mbemba ndaiona mokwanira."

A Abson anapukuta maso ndi mkono wa malaya. Anati akukafuna chimbudzi, n'kutuluka msangamsanga, Sunday n'kuwatsatira.

Anawapatsa bedi la pafupi ndi windo. Dzuwa linali litapendeka, kunja azimayi odikirira odwala akuanika zitenje pa waya. Peggy anakhala pa kampando kumanzere kwa bedi, ndipo anadziwa bwino chifukwa chomwe wasankhira mbali imeneyo. Kumeneko kunali ngati kuseri kwa nyumba. Anawayang'ana atate ake mmene sanawayang'anepo chiyambire: yunifomu yopindidwa kumutu, chipsera chotsika pachifuwa, tsaya limodzi la mkwati, lina la chiputu.

"Namwino," anaitana a Yotam patapita nthawi. "Mwana wanga wapita?"

"Ndili pano, atate."

Sanatembenuke. "Zungulira. Bwera kuno kuli dziko."

Anazungulira bedi n'kugwada pomwe akanamuona.

"Inali pafupi bwanji?"

"Ngati apa ndi pa windo."

Anayeza ndi diso kuchoka pa bedi kufika pa windo. Panalibe poti munthu n'kugonapo.

"Yaimuna?"

"Yaimuna. Mnyanga umodzi wothyoka."

"Ya khutu long'ambika pansi." Anatseka maso. "Imene ija inapha msodzi ku Nkwali chaka cha madzi ambiri. Ndinaitsata mpaka nsapato kutha." Kachitsulo kanalira kangapo. "Ndiye ndinaima n'kumina."

"Munamina, atate."

"Uuze Sunday afufute kanema uja."

"Wafika kale kutali. Akuti mpaka kwa azungu kwawo."

"Ndiye kumeneko ndikadali mwamuna." Anatambasula dzanja. "Ndipatse."

Peggy anadziwa chomwe akufuna. Anatulutsa kathumba ka phulusa m'chikwama n'kukaika m'manja mwawo. Anakakweza pamwamba pa chifuwa, n'kukagwedeza kawiri ndi dzanja la ntchito, lomwe silinaiwale kanthu. Kautsi koyera kanatuluka, kanaima pang'ono m'kuwala kwa dzuwa, kenako kanayamba kuyenda. Maso a a Yotam anakatsata mpaka pakati pa bedi, n'kuima pomwepo. Peggy anakaona kakupitirira, kudutsa pa kampando kaja, kulowera ku bedi la wodwala mnzawo.

"Lathera pati?"

"Silinathe, atate. Likupita kumanzere."

"Ndiye kuti chilichonse chili uko chandinunkhiza kale," anatero a Yotam.

Peggy anadzuka, anazungulira bedi, n'kukakhalanso pa kampando kaja. Ulendo uno anakakokera pafupi, n'kuika dzanja lake pa mkono wawo kuti adziwe kuti mbali imeneyo kuli munthu.